Walira Mvula Walira Matope: Maphunziro Aulere ndi Demokalase m'Malawi

Sukulu za pulayimale zitatsekulidwa chakumapeto kwa chaka cha 1994, aphunzitsi aakulu m'dziko lonse la Malawi adaona zomwe adali asanazionepo chiyambireni ntchito yawo. Mabwalo a sukulu adadzaza ndi ana mpaka kusowa popondapo. Padali tiana ta zaka zisanu ndi chimodzi tomwe tidabwera titagwiridwa padzanja ndi amayi awo. Padalinso anyamata ndi atsikana osinkhukirapo omwe adasiya sukulu kale chifukwa chosowa fizi, ndipo tsopano adabwerera kudzakhala pansi pamodzi ndi ang'ono awo. Ambiri adalibe yunifolomu, koma padalibe wowabweza. Chaka chapitacho m'sukulu za pulayimale mudali ana pafupifupi 1.9 miliyoni, tsopano olembetsa adapitirira 3 miliyoni.

Chomwe chidasonkhanitsa khamu limeneli ndi lonjezo lomwe lidaperekedwa pa misonkhano ya ndale. Patangopita miyezi pafupifupi inayi chichitikireni chisankho cha pa 17 Meyi 1994, boma latsopano lidakwaniritsa mawu ake akuti mwana aliyense aziphunzira pulayimale mwaulere. Mbiri ya zomwe zidachitika nthawiyi isanafike ndiponso pambuyo pake ikuonetsa mphamvu ya voti pamodzi ndi malire ake. Voti idatsekula chitseko cha sukulu m'kanthawi kochepa, koma kuphunzitsa mwana yemwe walowayo kuwerenga, kulemba ndi kuganiza kwakhala ntchito yaitali kuposa momwe olonjeza aja ankaganizira.

Sukulu m'Nthawi ya Chipani Chimodzi

Maphunziro a m'kalasi adafika m'dziko muno ndi amishoni. Mishoni ya Livingstonia idayamba ntchito ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, ya Blantyre idatsatira m'chaka cha 1876, ndipo kwa zaka makumi asanu sukulu zidali m'manja mwa mipingo. Boma la atsamunda lidakhazikitsa nthambi yoona za maphunziro mochedwa, m'chaka cha 1926, ndipo sukulu zoyamba za sekondale, ya Blantyre ndi ya Akatolika ku Zomba, zidatsekulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940. N'chifukwa chake pamene Malawi ankalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964, anthu ophunzira mokwanira kuyendetsa maofesi a boma adali owerengeka.

Boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda lidaika mtima pa kudzaza mpata umenewu. Yunivesite ya Malawi idalandira ophunzira ake oyamba m'chaka cha 1965, sukulu za sekondale zidamangidwa m'maboma osiyanasiyana, ndipo makoleji a aphunzitsi adakuzidwa. Cholinga chidali kupeza makalaliki, aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi okwanira ntchito zomwe zidalipo. Kunena zoona, ambiri mwa omwe adadutsa m'sukulu za sekondale za nthawi imeneyo adaphunzira mwakuya, pakuti makalasi adali aang'ono, mabuku adalipo, ndipo oyendera sukulu ankafika. Koma khomo lolowera lidali lopapatiza. Ku pulayimale kholo linkalipira fizi ndi kugula yunifolomu. Ndalamayo inkaoneka yochepa kwa munthu wapantchito, koma kwa mlimi wa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, yemwe ankayembekezekanso kupereka msonkho ndi kugula khadi lachipani, udali mtolo wolemera. Ndalama ikaperewera, kawirikawiri mwana wamkazi ndiye ankatsala pakhomo. Yemwe wapirira mpaka Sitandade 8 ankakumana ndi chipata china chopapatiza koposa. Malo ku sekondale adali ochepa kotero kuti ana anzeru ankabwereza kalasi imeneyi kawiri, katatu ngakhale kanayi, ena mpaka kusintha mayina, poyembekezera kuti mwina chaka china adzasankhidwa.

Chithunzi chenicheni cha maganizo a nthawiyo ndi sukulu ya Kamuzu Academy yomwe idatsekulidwa ku Mtunthama m'boma la Kasungu m'chaka cha 1981. Inkatenga ana ochepa okhoza bwino kuchokera m'boma lililonse, n'kuwaphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki pamodzi ndi maphunziro ena, pansi pa aphunzitsi ochokera kunja, makamaka ku Britain. Makilomita ochepa kuchokera pamenepo, ana a m'midzi ankaphunzira atakhala pafumbi, ndipo anzawo ena sankaponda n'komwe m'kalasi. Maphunziro adali ngati mphatso yomwe mtsogoleri ankagawira osankhika.

Sukulu idalinso chida cha ndale. Mwana aliyense ankaloweza ngodya zinayi za chipani cha Malawi Congress Party: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Alangizi a gulu la Apayoniya ankatumizidwa m'sukulu, ndipo mtsogoleri wa dziko akamayendera dera, maphunziro ankaima kuti ana akandande m'mbali mwa msewu kuwomba m'manja. Ana a Mboni za Yehova, mpingo womwe udaletsedwa m'chaka cha 1967, ankachotsedwa sukulu chifukwa iwo ndi makolo awo ankakana kugula makadi achipani. Bungwe lounika mabuku lidaletsa mabuku ambiri, ndipo mphunzitsi ankayamba wawayesa mawu ake asanawatulutse, podziwa kuti pakati pa omvera pakhoza kukhala kazitape. Jack Mapanje, mlakatuli yemwe adali mkulu wa nthambi ya Chingerezi ku Chancellor College, adamangidwa m'chaka cha 1987 n'kusungidwa kundende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1991. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ophunzira a ku yunivesite adayamba kusankhidwa potengera boma la kwawo, njira yomwe idadziwika ndi dzina loti kota. M'chaka cha 1989 padatulukanso lamulo loti aphunzitsi azikaphunzitsa m'zigawo za kwawo. Lamuloli lidakhudza kwambiri aphunzitsi ochokera kumpoto, omwe adali ochuluka m'sukulu za pakati ndi kumwera. Mabanja adasokonezeka, ndipo sukulu zambiri zidatsala zikusowa aphunzitsi odziwa ntchito.

Mphepo ya Kusintha

M'mwezi wa Malichi 1990 mayiko a padziko lonse adakumana ku Jomtien m'dziko la Thailand n'kugwirizana kuti mwana aliyense azilandira maphunziro oyambirira. Ndi bwino kukumbukira kuti boma la Kongeresi lomwelo ndilo lidayamba kuchotsa fizi potsatira mgwirizanowu, ngakhale linkachita pang'onopang'ono. Kuyambira m'chaka cha 1991 ana a Sitandade 1 adamasulidwa, ndipo cholinga chidali choti chaka chilichonse kalasi yotsatira izimasulidwanso. Ndi thandizo la dziko la America, ndondomeko yotchedwa GABLE idayamba kulipirira atsikana omwe sankabwereza kalasi. M'chaka cha 1993 padatulukanso chilolezo choti mtsikana yemwe watenga pathupi azibwerera kusukulu akabereka, pomwe kale ankachotsedwa kotheratu.

Koma zochitika m'dziko zidathamanga kuposa ndondomeko za m'maofesi. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yomwe idadzudzula poyera kusowa kwa chilungamo. Ambiri amaikumbukira kalatayi chifukwa cha zomwe idanena pa za ufulu wolankhula ndi kumanga anthu popanda mlandu, koma idadandaulanso za maphunziro: kuchuluka kwa anthu osadziwa kulemba ndi kuwerenga, kudzaza kwa makalasi, kusowa kwa aphunzitsi ndi zipangizo, ndiponso kukondera posankha ophunzira. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba adali m'gulu la anthu oyamba kuyenda m'misewu poikira kumbuyo maepiskopiwo, ndipo koleji yawo idatsekedwa. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ovota oposa 63 mwa 100 alionse adasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, n'kusiya tambala wakuda wa chipani chimodzi. Chaka chomwecho Khoti Lalikulu lidagamula kuti kusankha ophunzira mwa kota kudali kosemphana ndi malamulo.

Tsopano, kwa nthawi yoyamba m'zaka pafupifupi makumi atatu, wofuna kulamula dziko adayenera kupita kwa mlimi wakumudzi kukapempha voti. Anthu ochuluka zedi m'Malawi amakhala kumidzi, ndipo wandale aliyense adafunafuna lonjezo lomwe lingamveke m'khutu la mayi wa ku Nsanje monga momwe lingamvekere kwa bambo wa ku Chitipa. Chipani cha United Democratic Front chidalonjeza kuthetsa umphawi, ndipo poyambira pake padali sukulu yaulere. Bakili Muluzi adapambana ndi mavoti pafupifupi 47 mwa 100 alionse, ndipo boma lake silidafune kudikira. Fizi ya ku pulayimale idathetsedwa nthawi imodzi, kuyambira Sitandade 1 mpaka Sitandade 8, ndipo yunifolomu idaleka kukhala yokakamiza. Malamulo atsopano oyendetsera dziko adatsimikiza mfundoyi. Ndime 25 idati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, pomwe ndime 13 idapatsa boma udindo woyesetsa kuti maphunziro a pulayimale akhale aulere ndi okakamiza.

Chigumula cha Ana

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Ngakhale ena mwa olembetsa aja adabwerera m'miyezi yoyambirira, ana owonjezereka m'chaka chimodzi chokha adali pafupifupi 1 miliyoni, pomwe zipinda, mabuku, madesiki ndi aphunzitsi zidali zoperewera kale. Mitengo ya mango, mikuyu ndi akachere idasanduka makalasi, bolodi litatsamira patsinde. Matchalitchi ndi zisakasa za udzu nazo zidalandira ana. Nyengo ya dzinja ikafika, mtambo wakuda ndiwo unkakhala belu loweruka. M'makalasi a m'munsi sizidali zachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ataima pamaso pa ana oposa 100, buku limodzi likulimbiranidwa ndi ana angapo.

Vuto lalikulu koposa lidali la aphunzitsi. Nthawi imeneyo kuphunzitsa mphunzitsi wa pulayimale kunkatenga chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo makoleji onse pamodzi sakadatha kutulutsa chiwerengero chofunikacho ngakhale m'zaka zisanu. Motero boma lidalemba aphunzitsi atsopano pafupifupi 20,000, n'kuitananso ena opuma pantchito. Pafupifupi 18,000 mwa atsopanowa adali asanapondepo ku koleji ya aphunzitsi, ndipo ambiri adali ndi setifiketi ya JCE yokha. Adalangizidwa kwa masabata awiri kapena atatu, n'kupatsidwa choko. Ambiri a iwo adagwira ntchito modzipereka m'madera akutali opanda nyumba za aphunzitsi, pa malipiro ochepa, ndipo sayenera kunyozedwa. Koma munthu sangapatse mnzake chomwe iye mwini sadalandire.

Pofuna kukonza zimenezi, m'chaka cha 1997 boma lidayamba ndondomeko ya MIITEP. Mphunzitsi ankakhala miyezi itatu ku koleji, kenaka n'kubwerera kusukulu yake kukapitiriza maphunzirowo akugwira ntchito kwa miyezi pafupifupi makumi awiri. Makoleji asanu ndi limodzi, la Karonga, Kasungu, Lilongwe, St Joseph's ku Dedza, Blantyre ndi Montfort, adaimitsa maphunziro awo anthawi zonse kuti alandire magulu amenewa. Tsoka ilo alangizi oti aziwayendera adali ochepa, ndipo m'sukulu zina wophunzira uphunzitsi adalibe mnzake wodziwa ntchito womuongolera. Pa nthawi yomweyo mliri wa Edzi unkatenga aphunzitsi ambiri, n'kusiyanso ana amasiye omwe sukulu inkawakanika chifukwa cholera ang'ono awo.

Kufulumira kudatsekulanso mpata wa chinyengo. Pofuna makope ochuluka mwamsangamsanga, Unduna wa Zamaphunziro udapereka ntchitoyi kwa kampani ya ku Britain yotchedwa Fieldyork mosatsata njira zoyenera. Nkhaniyi idatenga zaka zambiri, ndipo m'chaka cha 2008 khoti lidapeza Sam Mpasu, yemwe adali nduna ya zamaphunziro mu 1994, wolakwa pa mlandu wogwiritsa ntchito udindo molakwika, n'kumulamula kukakhala kundende. M'chaka cha 2000 kudadziwikanso kuti ndalama zokwana K187 miliyoni zidalipidwa kwa makontilakitala pa ntchito zomanga sukulu zomwe zina sizidamangidwe kapena sizidamalizidwe. Izi ndi zochititsa manyazi, komabe pali chimodzi choyenera kuchiona: nkhanizi zidatuluka kudzera m'manyuzipepala, m'Nyumba ya Malamulo ndi m'makhoti. M'nthawi ya chipani chimodzi wozilankhula ndiye akadagona kundende.

Liwu loti ulere nalo lidamveka mosiyanasiyana. Kale anthu a m'midzi ankaumba njerwa ndi kumanga sukulu mwa chitukuko chodzithandiza, nthawi zina mokakamizidwa ndi akuluakulu a chipani. Ufulu utabwera, ambiri adati ntchito zoterezi ndi thangata, ndipo popeza boma lati sukulu ndi yaulere, lichite lokha zonse. Thumba la chitukuko la MASAF, lomwe lidayamba pakati pa zaka za m'ma 1990, lidayesa kubwezeretsa mtima wodzithandiza: mudzi uumbe njerwa ndi kututa mchenga, thumba lipereke simenti ndi malata. Zipinda zambiri zidamangidwa motero, koma ana ankachuluka mofulumira kuposa njerwa. Kumbali ina, ulerewo sudali wathunthu. Makomiti a sukulu ankapemphabe ndalama za mlonda, za chitukuko ndi zosindikizira mayeso, ndipo mwana wanjala, wopanda sopo kapena chovala, ankasiya sukulu ngakhale fizi padalibe.

Zipatso za zonsezi zidaoneka m'zaka zotsatira. Ana ankalembetsa mwaunyinji mu Sitandade 1, koma ambiri ankabwereza makalasi kapena kusiyira panjira, ndipo ofika Sitandade 8 sankakwana ndi theka lomwe. Bungwe la SACMEQ, lomwe limayesa ana a Sitandade 6 m'mayiko a kumwera ndi kum'mawa kwa Africa, lidapeza pa kafukufuku wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndiponso wa 2007 kuti ana a ku Malawi adali kumapeto penipeni pa luso la kuwerenga. Makolo opeza bwino adachotsa ana awo n'kuwapititsa ku sukulu zapulaiveti zomwe zidamera ngati bowa m'matauni. Mwa njira imeneyi kusiyana kwa olemera ndi osauka, komwe kale kudali pakati pa mwana wa pasukulu ndi mwana wa pakhomo, kudasamukira pakati pa sukulu yolipira ndi sukulu yaulere.

Komabe kungakhale kulakwa kunena kuti ndondomekoyi idali yopanda phindu. Omwe adapindula kwambiri ndi ana a m'mabanja osaukitsitsa, omwe dongosolo lakale lidawaiwala. Chiwerengero cha atsikana ku pulayimale chidakwera mpaka kufanana ndi cha anyamata. Lero pali aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi amalonda omwe adayamba kulemba zilembo pamchenga pansi pa mtengo m'chaka cha 1994, ndipo pakadapanda lonjezo lija akadathera kubusa kapena kuganyu. Mayiko ena adatsata njira yomweyi, kawirikawiri pambuyo pa chisankho. Uganda idayamba maphunziro aulere m'chaka cha 1997 potsatira lonjezo la Yoweri Museveni pa chisankho cha 1996, ndipo Kenya idatero mu Januwale 2003, patangopita masiku ochepa Mwai Kibaki atalowa m'boma. Kumenekonso makalasi adasefukira. Zikuoneka kuti osauka akapatsidwa mphamvu yosankha atsogoleri, chimodzi mwa zinthu zoyamba zomwe amafuna ndi malo a mwana wawo m'kalasi.

Sekondale ndi Yunivesite

Madzi akadzaza dambo la kumtunda amatsikira kumunsi. Ana ochuluka omaliza pulayimale adafunanso malo ku sekondale. M'chaka cha 1998 boma lidasandutsa malo ophunzirira a MCDE kukhala sukulu za sekondale zoyendera za m'madera, zotchedwa CDSS. Malo adachuluka, ndipo mwana wakumudzi adatha kuyamba Fomu 1 akugona kwawo. Koma zambiri mwa sukuluzi zidayamba zopanda laibulale ndi chipinda cha sayansi, ndipo aphunzitsi ake ambiri adatengedwa ku pulayimale, komwe adali operewera kale. Wophunzira wa ku CDSS ankalemba mayeso omwewo a MSCE ndi mnzake wa kusukulu yogonera komweko yokhala ndi zipangizo zonse.

Pamwamba penipeni chipata chidakhalabe chopapatiza ngakhale Yunivesite ya Mzuzu idatsekulidwa m'chaka cha 1999. M'chaka cha 2009, mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, kota idabwereranso ndi dzina loti kugawana malo mofanana. Oichirikiza ankati imathandiza maboma omwe adatsalira m'mbuyo chiyambire nthawi ya amishoni. Oitsutsa ankati imalanga mwana yemwe wakhoza bwino chifukwa cha mudzi wa makolo ake. Idathetsedwanso m'chaka cha 2020. Gwero la mkangano wonsewu ndi kuchepa kwa malo, pakuti nsima ikachepa m'mbale ndi pomwe ana amayamba kuwerengerana mbamu.

Mwana Aphunzire m'Chilankhulo Chanji?

Palibe nkhani yomwe yasinthasintha motsatira ndale kuposa ya chilankhulo chophunzitsira. M'chaka cha 1968 msonkhano waukulu wa Kongeresi udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chilankhulo cha fuko lonse, chogwiritsidwa ntchito m'boma pamodzi ndi Chingerezi. Chitumbuka, chomwe chinkamveka pa wailesi ndi m'sukulu za kumpoto, chidachotsedwa. Kuyambira pamenepo mwana wolankhula Chitumbuka, Chiyao, Chisena kapena Chitonga ankaphunzira makalasi anayi oyamba m'Chichewa. Chichewa chidathandizadi kulumikiza mitundu, koma popeza chidakhazikitsidwa popanda kufunsa eni zilankhulo zina, chidasiya chilonda m'mitima ya ambiri.

Boma latsopano lidayesa kupoletsa chilondachi. Chitumbuka chidabwerera pa wailesi ya MBC m'chaka cha 1994, ndipo zilankhulo zina zidatsatira m'chaka cha 1996. Bungwe la Chichewa, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, lidalowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies ya ku Yunivesite ya Malawi, yoona zilankhulo zonse za m'dziko. M'mwezi wa Malichi 1996 Unduna udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chilankhulo chawo chobadwa nacho. Akatswiri ambiri amavomereza kuti mwana amaphunzira msanga kuwerenga m'chilankhulo chomwe amalankhula kwawo. Koma mabuku a m'zilankhulozo padalibe, aphunzitsi sadakonzekeretsedwe, ndipo makolo ambiri ankakayika, poona kuti ntchito zimapezeka ndi Chingerezi. Lamulolo lidathera papepala. Kenaka lamulo la maphunziro la 2013 lidatembenukira mbali ina, n'kunena kuti chilankhulo chophunzitsira chikhale Chingerezi, ndipo m'chaka cha 2014 Unduna udalengeza kuti izi ziyambira Sitandade 1. Zigamulo zitatu zonsezi zidachokera kumwamba. Pansi pa mtengo paja mphunzitsi adapitiriza kuchita zomwe zingatheke: kutchula mawu m'Chingerezi, n'kuwamasulira m'chilankhulo chomwe ana akumva.

Ufulu m'Kati mwa Mpanda wa Sukulu

Demokalase idasinthanso moyo wa tsiku ndi tsiku wa pasukulu. Apayoniya adalandidwa zida ndi asilikali mu Disembala 1993, ndipo adachoka m'sukulu. Ngodya zinayi zidaleka kulowezedwa, ndipo m'malo mwake mudalowa maphunziro ofotokoza za ufulu wachibadwidwe, malamulo oyendetsera dziko ndi zisankho. Koma liwu loti ufulu ena adalimva ngati chilolezo chochita chilichonse. M'sukulu zina za sekondale ophunzira adayamba kuswa magalasi ndi kuwononga katundu pokwiya ndi chakudya kapena chilango, ndipo aphunzitsi ena nawo adalekerera ntchito. Achikulire ambiri adaloza chala demokalase. Chomwe chidachitika n'chakuti mwambo wakale udatsamira pa mantha, ndipo mantha atachoka padatenga nthawi kuti pamere mwambo wina wochokera pa kumvetsa kuti ufulu umayenda ndi udindo.

Ufulu wa mphunzitsi nawo udayesedwa. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi, Peter Mukhito, adaitana Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa zandale ku Chancellor College, n'kumufunsa za chitsanzo chomwe adapereka m'kalasi chokhudza kuukira boma komwe kunkachitika m'mayiko a Aluya. Aphunzitsi anzake adaona kuti masiku a akazitape m'kalasi akubwerera, ndipo adakana kuphunzitsa mpaka atatsimikiziridwa ufulu wawo. Anayi mwa iwo adachotsedwa ntchito, koma patatha miyezi pafupifupi isanu ndi itatu boma lidagonja, ndipo adabwezeretsedwa. M'mwezi wa Meyi 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba lidagamulanso kuti ana a Chirasta aziloledwa m'sukulu za boma osametedwa tsitsi lawo. Tikayerekeza ndi zomwe zidagwera Jack Mapanje ndi ana a Mboni za Yehova, kusiyana kwake kukuonekeratu: tsopano wolakwiridwa ali ndi kokadandaula.

Ntchito Yosatha

Lamulo la maphunziro la 2013, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1962, lidakhazikitsa kuti pulayimale ndi yaulere ndiponso yokakamiza. M'chaka cha 2016 boma lidayamba ndondomeko yapadera yophunzitsa ana a m'makalasi oyambirira kuwerenga, chizindikiro chakuti maso adayamba kuyang'ana zomwe zikuchitika m'kati mwa kalasi. Ndipo mbiri idadzibwereza pa chisankho cha mu Seputembala 2025. Lonjezo la sekondale yaulere lidamveka pa misonkhano, ndipo boma lomwe lidalowa lidalengeza kuti ndondomekoyi iyamba mu Januwale 2026.

N'chifukwa chiyani kutsekula chitseko kumafulumira pomwe kukonza za m'kati kumachedwa? Kuchotsa fizi kumachitika ndi chilengezo chimodzi, ndipo kholo lililonse limamva kupepuka m'thumba sabata yomweyo. Kuphunzitsa mphunzitsi, kulemba mabuku, kumanga nyumba za aphunzitsi ndi kuyendera sukulu zimatenga zaka ndi ndalama zambiri, ndipo phindu lake limadzaoneka chisankho china chitadutsa kale. Wandale amathamangira chomwe ovota akuchiona ndi kuchifunsa. M'chaka cha 1994 makolo adafunsa funso limodzi, loti mwana wawo alowe m'kalasi, ndipo adayankhidwa m'miyezi inayi.

Ophunzira omwe ali ku sekondale lero ndi ana a mbadwo wa pansi pa mtengo uja, ndipo akafika zaka 18 nawonso adzaponya voti. Ena adzakhala m'makomiti a sukulu, ena aphunzitsi, ena makhansala ndi aphungu. Mafunso omwe atsalira iwo ndi ovutirapo kuposa la makolo awo. Kodi mwana wa Sitandade 4 wa m'mudzi muno akutha kuwerenga kalata? Kodi m'kalasi mwake muli ana angati, nanga aphunzitsi angati? Kodi ndalama zomwe zidatumizidwa kusukulu ino zagwira ntchito yanji? Atsogoleri adzayamba kuyankha mafunso amenewa pokhapokha atadziwa kuti mavoti awo adalira pa mayankhowo.